Ndinaseka Chizungu cha Akazi Anga Pagulu

Aphungu,

Ndagwira cholembera kuyambira m'mawa, ndipo mapepala awiri ndang'amba kale. Ndine bambo wa zaka 58, ndimakhala kwa Kuntaja, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Nkhani ndikuuzeniyi sindinauzepo munthu, ngakhale shehe wa pamzikiti pathu. Ndikulemba m'Chichewa chifukwa ndi chokhacho chimene ndimatha kulemba, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Kwathu kuno anthu amanditchula kuti a Kaputeni. Ndege sindinayendetsepo, Aphungu, ngakhale kukwera kumene sindinakwerepo. Ndinagwira ntchito yonyamula zikwama za alendo pabwalopo kwa zaka 26. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, bambo anga atanditenga kuti ndizikawathandiza kugulitsa nsomba zouma pa Mdeka. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine Mulungu anandipatsa khutu. Mzungu akayankhula kamodzi, mawu ake ankandikanirira m'mutu ngati chisoso pathalauza. Pomatha zaka zisanu ndinali ndikulavula Chizungu cha m'mphuno, cha oyendetsa ndege enieni, mpaka alendo ena ankandifunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndinkangomwetulira n'kunyamula chikwama.

Koma Chizungu chomwecho mundipatse papepala, m'maso mumada. Musaganize kuti ndinali waulesi, ndinayesetsa. Chichewa n'chachilungamo: chimene walemba ndi chomwe unene. Nkhuku ndi nkhuku basi. Chizungu chilibe chilungamo chotero. Mpeni amati naifi, koma polemba amayamba ndi k amene palibe munthu amamutchula. Lachitatu amati Wenizide, koma mutaona kalembedwe kake mungayese ndi dzina la mankhwala a ziweto. Tsiku lina mnzanga wa pantchito anandilembera mawu anayi othera zilembo zofanana ndendende, koma lililonse likutchulidwa mwa mtundu wake, ngati ana a mayi mmodzi abambo osiyana. Ndinafunsa mzungu wina woyendetsa ndege kuti zimatero chifukwa chiyani. Anaseka n'kunena kuti nayenso sadziwa, anangoloweza ali mwana. Ndinati ngati eni ake sakudziwa, wa Sitandade 3 ndine yani? Ndinasiyira pomwepo.

Akazi anga, mayi a Bushra, kwawo ndi ku Lirangwe, ndipo iwo vuto lawo ndi losemphana ndi langa. Anafika Fomu 2. Chizungu chawo chambiri anachitola okha m'mabuku ndi m'dikishonale yothothoka chikuto imene anawasiyira malume awo. Palibe kalata ingawagonjetse. Koma poyankhula amatchula chilembo chilichonse chimene chili papepala, pakuti amati munthu wanzeru zake sangalembe chinthu chopanda ntchito. K wa mpeni uja iwo amamupatsa ulemu wake wonse. Ali mtsikana anayesapo kuyankhula Chizungu pa ofesi ina m'tauni. Kalaliki wa pamenepo anaitana anzake kuti adzamve nawo, n'kuwauza kuti abwereze. Kuchokera tsiku limenelo analumbira kuti Chizungu chawo sichidzatulukanso pakhomo, ndipo ine lumbiro limeneli ndinkalidziwa bwino.

Atabwera matipate mapepala anachuluka. Mabungwe ndi mafomu awo, mapepala a kuchipatala, makalata ochokera ku Joni kumene ana athu anathamangira. Anthu anati, tivutikiranji pomwe a Kaputeni alipo? Ana asukulu analipo, inde, koma nkhani ya m'banja sungapatse mwana kuti akuwerengere, ndipo ophunzira ena pakamwa pawo sipatsekeka. Munthu woyamba atabwera ndi kalata yake, manyazi anandigwira kuti ndinene zoona. Ndinati, “Isiyeni, ndiiwerenge modekha ndi magalasi. Mubwere mawa.” Magalasi ndinalibe. Ndinakagula mumsika wa Limbe, a galasi wamba ngati la pawindo.

Ndiye ntchito yathu tinkagwira chonchi. Tikatha kupemphera swala ya masana tinkatseka chitseko n'kukhala kuchipinda. Mayi a Bushra ankawerenga kalatayo m'katchulidwe kawo, ine nditatsinzina. Mawu ambiri matanthauzo ake ankawadziwa iwo. Koma pali kayankhulidwe kena ka azungu kosatsata buku, kachidule, kamene m'dikishonale simungakapeze. Kameneko ndinkakagwira ine ndi khutu, ngakhale katuluke kopindika. Ndinkati, “Tabwerezani pamenepo,” iwo n'kubwereza, ine n'kuwomba m'manja: “Ohoo, akutanthauza zakuti!” Tinkaseka, Aphungu, mpaka misozi. Iwo ankati ine ndine wailesi, yolongolola koma yopanda maso. Ine ndinkati iwo ndi nyuzipepala, yodzaza nkhani koma yopanda pakamwa. Yankho la kalatayo ankalemba ndi iwo.

M'mawa mwake ine ndinkakhala pakhonde, magalasi pamphuno, chala chikuyenda pamizere, kumufotokozera mwini kalata ngati ndikuona. Zikomo yense ankabwera kwa a Kaputeni, nthawi zina ndi nkhuku yomwe. Mayi a Bushra ankabweretsa tiyi n'kubwerera kukhitchini. Zaka khumi ndi chimodzi zatha choncho. Ngakhale mwana wathu Bushra, amene anakwatiwa ku Ndirande, sadziwa kanthu.

Mwezi wathawu bungwe lina la kunja linakumba mjigo m'mudzi wa kwawo kwa akazi anga. Apampando a komiti ya mjigowo, a Alufandika, anatumiza uthenga kuti tsiku lotsegulira kubwera azungu atatu, ndiye mkamwini wawo wa ku Chileka adzamasulire. Ndinavala jekete ndi chisoti chatsopano. Magalasi ndinawasiya dala patebulo. Imeneyo ndiyo inali njira yanga: kulikonse kumene ndingapatsidwe pepala pagulu, ndimagwiragwira m'matumba n'kunena kuti ndaiwala magalasi.

Poyamba zinayenda bwino kwabasi. Mzungu wamkazi akayankhula, ine ndikuponya m'Chichewa, amayi nthungululu. Apongozi anga aakazi anali pamkeka kutsogolo, alamu anga a Aziz ali chapafupi, onse akundiyang'ana monyadira. Ndinadzimva shuga, ndisaname.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chakumapeto a Alufandika anatulutsa pepala m'thumba. Anati ndi mawu othokoza a mudzi wonse, anawalembera m'Chizungu ahedi a pasukulu, amene tsikulo anali kumaliro. “A Kaputeni, tiwerengereni, alendowa amve kuti nafenso ndife anthu.” Ndinagwiragwira m'matumba monga mwa nthawi zonse. “Pepani, magalasi ndaiwala.” Ndinayesa ndapulumuka. Pomwepo mkulu wina, a Dyton, anavula awo n'kundipatsira. “Yesani angawa, achimwene, amaona ndi mwendo wa nyerere womwe.” Ndinawavala. Zilembo zinaoneka bwino lomwe, zikuluzikulu, koma sindinazindikire liwu ndi limodzi lomwe. Chimkuzamawu chili m'manja, anthu onse akundidikira.

Ndi pamene ndinamva mawu kuchokera kumbali ya amayi. “Bambo a Bushra maso akuwavuta masiku ano, magalasi a eni sangawathandize. Bweretsani ndiwawerengere.” Anali akazi anga, ataimirira. Munthu amene analumbira ali mtsikana uja anadutsa pakati pa anthu a kwawo n'kudzatenga pepalalo m'manja mwanga.

Anayamba kuwerenga monga amawerengera kuchipinda kwathu, chilembo chilichonse ndi ulemu wake. Azungu aja anatchera khutu, akugwedeza mitu, ndipo sanaseke. Amene anayamba ndi anthu athu omwe, ophunzirako pang'ono amene anaima kumbuyo. Kuseka kunayamba kuyenda mpaka kutsogolo. Kenaka maso a anthu anatembenukira kwa ine, kuti aone kuti a Kaputeni atani.

Apa ndi pamene ndang'ambira mapepala awiri aja. Ndikanatha kungokhala chete. Ndikanatha kuwadzudzula osekawo, chimkuzamawu chinali ndi ine. Koma mantha anandinong'oneza kuti ndikapanda kuseka nawo, anthu aganiza kuti nanenso sindikumva cholakwika. Ndiye akazi anga akatchula liwu, ine ndinkalibwereza m'katchulidwe ka oyendetsa ndege, mokoka, ngati mphunzitsi wa Sitandade 1. Kenaka ndinayamba kuyeserera mawu awo, ndi kapendeketsedwe ka mutu komwe amachita powerenga, kamene ndimakadziwa ine ndekha. Anthu anagwa nako kuseka. Ngati zimenezo sizinakwane, ndinawonjeza m'Chichewa: “Mwaonatu abale, Chizungu si ndiwo zoti aliyense angathiremo mchere. Mayi, mukanangokhala kumapoto.” Ndinatero ine, pamaso pa mayi awo owabereka.

Akazi anga sanasiye. Anawerenga mpaka mzere womaliza, anapinda pepalalo kanayi, n'kundiikira m'thumba la jekete. Anayankhula motsitsa kuti ndimve ndekha: “Pepala lanu ilo, a Kaputeni.” Zaka makumi atatu tili m'banja, sananditchulepo dzina limenelo. Anabwerera kukakhala pamkeka pafupi ndi mayi awo.

Nthawi yokakwera minibasi itakwana, a Aziz anabwera kudzandiuza kuti achemwali awo atsalira, akufuna athandize mayi kukolola nandolo. Lero ndi tsiku la 23. Nandolo wa apongozi anga ndi wa mizere isanu ndi umodzi, Aphungu.

Ndinatuma ankhoswe. Anabwerako n'kundiuza kuti mayi a Bushra akuti alibe mlandu ndi munthu. Atawapanikiza kuti anene ngati pali china kupatula kusekedwako, poti kuserewulana m'banja kumachitika, iwo anangoti, “Kawafunseni eni ake.” Ankhoswe anagamula kuti akazi anga akukulitsa nkhani yaing'ono, ndipo ine ndinavomera ndi mutu. Akazi anga sanaulule, Aphungu. Mawu atatu okha, oti “satha kuwerenga Chizungu”, akanandivula pamaso pa Lirangwe yense tsiku lija. Akanandivulanso pamaso pa ankhoswe. Mpaka lero akundisungira chinsinsi, munthu amene ndinamuyalutsa. Chimenechi ndicho chikundidya. Akanandilalatira, bwenzi ndikupeza poyambira.

Panopa patebulo pali makalata asanu ndi awiri. Imodzi ndi ya mayi Eunice, mayi wamasiye amene tinayandikana naye nyumba. Mwana wawo Kingsley ali ku Joni ndipo wakhala chete miyezi inayi. Kalatayi yalembedwa pamanja ndi munthu wina, mwina bwana wake. Ndinaitsegula. Ndikutha kuona dzina la Kingsley katatu, ndi tsiku lina lolembedwa m'manambala. Zina zonse ndi mdima. Sindikudziwa ngati akuti wadwala, wamangidwa kapena wakwezedwa pantchito. Mayiwa akhala akubwera m'mawa uliwonse masiku asanu ndi anayi. Ndawauza kuti magalasi anasweka. Ndawauza kuti mutu ukundipweteka. Ndawauza kuti wolembayo dzanja lake n'lovuta. Dzulo anandigwira pamkono n'kunena, “A Kaputeni, ngati mwana wanga wamwalira ingondiuzani. Musandibisire pondimvera chisoni.” Ndinalowa m'nyumba ngati ndaitanidwa, pomwe m'nyumbamo mulibe munthu.

Kumzikiti ndikumakhala mzere wa kumbuyo. Munthu akandipatsa moni pamsewu kuti “a Kaputeni”, ndikumamva ngati wanditukwana. Ndikuchita manyazi, Aphungu, manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ndipo akazi anga ndawasowa. Nthawi ya masana ija ikakwana ndimangokhala pabedi n'kumayang'ana dikishonale yawo pawindo.

Ndaganiza njira zitatu. Ndipite ku Lirangwe mwakachetechete ndi makalatawa, ndikawagwadire kuseri kwa nyumba, andiwerengere ya mayi Eunice yokhayo, kenaka tikambirane zobwerera kuti zinthu zikhale monga kale popanda wina kudziwa. Kapena ndipeze munthu wa kutali, ku Lunzu, woti azindiwerengera mobisa mpaka mtima wawo utatsika. Kapena ndilengeze kuti maso afa, ntchito yowerenga ndapuma. Kuulula ndiye ndikuopa. Munthu wa msinkhu wanga, ndikhale choseketsa cha Chileka yense?

Ndithandizeni. Ndiwabweze bwanji akazi anga popanda kutaya dzina langa?

I.C., Chileka.

*

A I.C.,

Zikomo polemba. Munthu wolemba kalata ngati iyi si mbuli, ndiye mawu amenewo tiwachotseretu panjira. Koma funso lanu lomaliza ndalikana. Mukufuna ndikuuzeni kasambidwe kosanyowa, ndipo kulibe.

Tiyambe ndi chimene sichingadikire. Kalata yanu yatenga masiku panjira, ndiye ndikukhulupirira kuti ya mayi Eunice inawerengedwa kale. Ngati ikadali patebulo, pindani nyuzipepalayi pompano, zotsalazo muwerenga mukabwerako. Pitani kwawo muwauze kuti, “Mayi, ine Chizungu ndimangoyankhula, kuwerenga sinditha. Ndakusungirani kalata yanu chifukwa cha manyazi. Pepani.” Muwafunse munthu amene iwo angamukhulupirire, kaya ndi abusa a kumpingo kwawo, kaya ahedi, kaya adokotala a pachipatala chaching'ono, ndipo muwaperekeze. Mukhale pomwepo powerengapo, khutu lanu lija lingathandize. Mayi amene akulira mwana wosadziwa ngati ali moyo sangadikire kuti dzina lanu lipeze pobisala. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Mwabwerako? Chabwino, khalani pansi.

Chizungu sichinakuzunzeni nokha, bambo. Ine ndinachiphunzitsa zaka zambiri ndisanayambe ntchito ino, ndipo mpaka lero pali mawu amene ndimayamba ndasuzumira m'dikishonale ndisanawalembe. Chiyankhulo chimenechi ndi nsalu ya zigamba. Eni ake anatola mawu kwa mitundu yambiri, ena n'kuwasiya ndi kalembedwe ka kwawo komweko. M'kupita kwa zaka katchulidwe kanasintha, kalembedwe n'kutsalira m'mbuyo. N'chifukwa chake muli zilembo zongokwera matola, zosayankhula ulendo wonse koma zosatsika. Ana a azungu enieniwo amalira nazo m'kalasi. Ndiye kusatha kuwerenga Chizungu si tchimo. Kutchula k wa mpeni nakonso si umbuli. Ndi umboni woti munthuyo anaphunzira yekha ndi maso ake, popanda womuuza kuti chilembo ichi chimagona pantchito. Alendo aja sanaseke chifukwa anamva zimene mayi ankanena. Odabwitsa ndife. Munthu akaphwanya Chichewa cha mayi ake timati ndi wophunzira, akapunthwa pa Chizungu timagubuduka nako kuseka.

Manyazi anu mwawaika pamalo olakwika. Mukuchita manyazi ndi Sitandade 3, imene simunasankhe. Chochititsa manyazi ndi chimene munachita ndi chimkuzamawu chija, pakuti chimenecho munasankha. Mayi a Bushra anathyola lumbiro la moyo wawo wonse kuti akuphimbeni, inu n'kuwaponda pamsana kuti mutalike. Paja amati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Dzina mukulitetezalo si lanu nokha. Theka lake ndi la mayi, mwinanso kuposa theka, koma mwakhala mukulivala nokha zaka khumi ndi chimodzi.

Njira zanu zitatu zonse ndi zokhota. Munawanyoza pabwalo, ndiye mukufuna kukapepesa kuseri kwa nyumba? Iyayi, bambo. Za munthu wa ku Lunzu ndi kukwatira bodza lachiwiri loyamba lisanakusudzuleni. Zoti maso afa musadzitemberere, maso anu ndi abwinobwino, munaona nawo dzina la Kingsley katatu.

Chitani izi. Makalata otsalawo mubweze kwa eni ake nokha, khomo ndi khomo, ndi mawu omwe mwawauza mayi Eunice. Khomo loyamba lilime lilemera, pofika lachinayi likhala litazolowera. Muwauzenso kuti amene wakhala akuwawerengera ndi kuwalembera mayankho zaka zonsezi ndi mayi a Bushra. Ena akwiya kuti zinsinsi zawo zinkadziwika ndi anthu awiri. Akwiye, ali ndi chifukwa. Koma muwafunse ngati chilipo ndi chimodzi chomwe chimene anachimvapo kuchitsime kapena kuchigayo.

Kenaka mukwere minibasi ya ku Ndirande. Bushra amve kwa bambo ake, asamve kwa anthu. Mukachoka kumeneko muitane ankhoswe muwauze zonse, pakuti anagamula mlandu ataona mbali imodzi, ndipo inu munavomera ndi mutu mukudziwa. Amene anati mayi akukulitsa nkhani ayenera kukabweza mawuwo.

Mukatero mupemphe a Alufandika kuti komiti ya mjigo ikadzakumana ndi mudzi akupatseni mphindi zochepa. Apongozi anu akhalepo, a Aziz akhalepo, ndi a Dyton a magalasi omwe. Mayi a Bushra muwadziwitse kudzera kwa a Aziz, koma kubwera kapena kusabwera ndi kwawo. Muyankhule m'Chichewa, osaponyamo liwu la oyendetsa ndege ndi limodzi lomwe. Munene kuti tsiku lija pepala linakukanikani, kuti chiyambire simunawerengepo kalata ya Chizungu, kuti amene munamusekayo ndiye anali maso anu, ndipo anaimirira kuti akupulumutseni. Mupepese kwa iwo, kenaka kwa mayi awo. Musawapemphe kuti awerengenso kanthu kuti anthu aone. Anawerenga kale, mpaka mzere womaliza.

Kodi anthu aseka? Aseka ndithu, sindikunamizani. Ena adzakutchulani a Kaputeni mokoka, monga munakokera mawu a akazi anu, ndipo mudzamva mmene zimapwetekera. Koma Chileka sisowa nkhani. Pakatha masabata awiri mbuzi ya wina idzalowa pabwalo la ndege, ndipo za inu zidzazizira. Chimene chidzatsale n'chakuti mumayankhuladi Chizungu chimene munachitola ndi khutu mutanyamula zikwama. Chimenecho si bodza, ndipo palibe angakulandeni.

Mayi akadzabwerera, pakhonde paja padzakhale mipando iwiri, ngati iwo angafune. Akakana kukhalapo musawakakamize, koma wobwera ndi kalata aziuzidwa amene awerenge. Nthawi ya masana ija muisandutse sukulu. Iwo azikuonetsani zilembo, inu muziwapatsa kamvekedwe kake, ndipo kuseka kuzithera kuchipinda komweko monga kale. Zaka 58 si ukalamba woti munthu angalephere kuloweza Lachitatu. Magalasi a ku Limbe aja muwaponye m'dzala.

Chenjezo langa ndi ili. Mwina sabwerera tsiku lomwelo, mwina ngakhale mwezi womwewo. Musawawerengere masiku, ndipo musawatumizire anthu owakumbutsa kuti mwapepesa. Munthu amene wakusungirani chinsinsi mutamuyalutsa sanakutayeni, koma akuyang'ana kuti aone chimene mwasowa kwenikweni. N'chifukwa chake ndati makalata abwerere kwa eni ake musanakwere minibasi ya ku Lirangwe. Mupite chimanjamanja. Musanatuluke pakhomo mupisepise m'jekete, muchotse pepala lililonse, ndi lija anakupindirani kanayi lomwe. Akakaona envelopu ikusuzumira m'thumba mwanu, akadziwa kuti mwadzatenga kalaliki osati mkazi wanu, ndipo ulendo uno sadzakuimiriraninso.

Aphungu